Kuyeza magazi a mbuzi pofufuza toxoplasmosis: pepala la zotsatira limanena chiyani?

Mbuzi ikapoloza kamodzi, mlimi wa ku Angónia kapena ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amangokwirira kamwanako n'kupitiriza ntchito zake, chifukwa zoterezi zimaoneka pa khola lililonse. Koma zikapoloza motsatizana m'mwezi umodzi, makola a anansi nawonso n'kuyamba chimodzimodzi, mpamene anthu amapita kwa alangizi a ziweto ku SDAE, ofesi ya boma imene imaona za ulimi ndi ziweto, kukapempha kuti mbuzi ziyezedwe magazi. Pempholi n'loyenera ndithu, ndipo toxoplasmosis ndi amodzi mwa matenda amene ayenera kuganiziridwa msanga, popeza padziko lonse amadziwika kuti amapolozetsa mbuzi ndi nkhosa. Chovuta n'chiyembekezo chimene anthu amaika pa pepala la zotsatira. Ambiri amaganiza kuti kuyezaku n'kofanana ndi kuyeza malungo kuchipatala, kumene kachipangizo kamasonyeza ngati tizirombo tili m'magazi pa tsiku limenelo. Kuyeza kwa toxoplasmosis m'magazi a mbuzi kumayenda mwa njira ina, ndipo munthu amene sanaimvetse njirayo akhoza kugulitsa mbuzi yabwino n'kusunga imene ili pachiopsezo chenicheni.

Kachirombo koyambitsa matendawa dzina lake ndi Toxoplasma gondii, ndipo kali m'gulu limodzi ndi ka malungo, gulu la tizirombo ta selo limodzi timene timakhala m'kati mwa maselo a nyama. Kanapezeka m'chaka cha 1908, pamene Charles Nicolle ndi Louis Manceaux anakaona mwa kanyama kena ka m'chipululu kotchedwa gundi ku Tunis, ndipo chaka chomwecho Alfonso Splendore anakaona mwa kalulu ku São Paulo. Padatenga zaka zoposa 60 kuti anthu adziwe kumene kamachokera, mpaka mu 1970 pamene zinatsimikizika kuti kachiromboka kamaswana n'kupanga timazira take m'matumbo a mphaka ndi abale ake a m'tchire monga vumbwe. Mphaka akadya khoswe, mbewa, mbalame kapena nyama yaiwisi imene ili ndi kachiromboka, pakapita masiku 3 mpaka 10 amayamba kutulutsa timazira tosaoneka ndi maso m'chimbudzi chake. Amatulutsa mamiliyoni ambiri, koma kwa sabata imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo kawirikawiri zimenezi zimachitika kamodzi pa moyo wake, akadali wamng'ono ndipo akungoyamba kusaka. Timazirato sitingadwalitse chinthu pa tsiku limene tatuluka. Timafunika tsiku limodzi mpaka masiku 5 tili panja kuti tikhwime, koma tikakhwima timatha kukhala ndi moyo kupitirira chaka m'dothi lachinyontho ndi lamthunzi.

Apa mpamene malo athu amalowa m'nkhaniyi. Chigawo cha Tete chili ndi nkhope ziwiri. Kumtunda kwa Angónia, Tsangano ndi mbali zina za Macanga, pamalo okwera kupitirira mamita 1,000, kumagwa mvula yambiri, kumazizira, ndipo dothi la kuseri kwa nyumba limasunga chinyontho nthawi yaitali. Kuchigwa cha Zambezi, ku Changara, Marara, Cahora Bassa ndi mumzinda wa Tete, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo timazira timene tagwera padzuwa sitichedwa kufa. Kumtunda kulinso chimanga chambiri, ndipo pamene pali nkhokwe pali makoswe, pamene pali makoswe mwininyumba amaweta mphaka. Mphaka amakonda kudzithandiza pofewa ndi pouma pamene angafukule n'kukwirira, choncho thumba la madeya losamanga pakamwa, mulu wa makoko kapena masangwi osungira ziweto zimamukomera kwambiri. Nthawi ya dzinja, pamene mbuzi zimamangidwa pachingwe pafupi ndi nyumba poopa kuti zingadye mbewu za eni, zimadya msipu wa pamalo omwe amphaka amayendapo usiku. Izi sizikutanthauza kuti mbuzi za kuchigwa n'zotetezeka, chifukwa kumeneko nazonso zimasonkhana pa madzi ochepa omwewo ndi pansi pa mitengo ya masau, pamene pali mthunzi. Tanthauzo lake n'lakuti chiwerengero chimene chapezeka m'boma limodzi sichingagwiritsidwe ntchito kuyankhulira boma lina.

Mbuzi ikameza timazira tokhwima, tizirombo timatuluka m'matumbo n'kuyamba kuswana mofulumira, ndipo pa nthawiyi akatswiri amatitcha tachyzoite. Timayenda ndi magazi kwa masiku ochepa, mbuzi n'kutentha thupi ndi kuchepetsa kudya, koma nthawi zambiri mwini wake saona kanthu. Chitetezo cha m'thupi chikadzuka, tizirombo timachoka m'magazi n'kukabisala m'timatumba ting'onoting'ono mu ubongo, mu mtima ndi mu mnofu, mmene timatchedwa bradyzoite, ndipo timakhala mmenemo mpaka mbuziyo itafa kapena kuphedwa. N'chifukwa chake kufunafuna kachirombo kenikeniko m'magazi a mbuzi yamoyo kumakhala kutaya nthawi, pakuti pofika tsiku limene mlimi wazindikira kuti chinachake chalakwika, kachiromboko kanachokamo kale. Chimene labotale imafuna ndi maantibodi, tinthu timene thupi la mbuzi limapanga polimbana ndi kachiromboka. Maantibodiwa ali ngati chipsera, chimene chimakuuza kuti munthu anavulalapo koma sichikuuza tsiku limene anavulala, kapena ngati chimene chikumupweteka lero ndi bala lomwelo.

Ngozi yaikulu imagwera mbuzi imene yakumana ndi kachiromboka koyamba ili ndi bere. Bere la mbuzi limatenga masiku pafupifupi 150, ndipo chimene chimachitika chimadalira kuti kachiromboka kafika liti. Kakafika kumayambiriro, kamwana kamafera m'mimba n'kusungunuka, mlimi n'kumangodabwa kuti mbuzi imene inakweredwa yayambanso kufuna tonde, kapenanso n'kuitcha chumba. Kakafika pakatikati, mbuzi imapoloza, kapena imaswa kamwana kakufa, ndipo nthawi zina pa mapasa kamodzi kamabadwa kamoyo koma kofooka pamene kanzake kamatuluka kouma, kakuda ndi kokwinyika. Kakafika kumapeto, kamwana kakhoza kubadwa kooneka bwinobwino ngakhale kuti kali ndi kachirombo m'thupi.

Maantibodi amene amayezedwa ndi a mitundu iwiri. A mtundu wa IgM amayamba kuoneka m'sabata yoyamba kapena yachiwiri, kenako amachepa pakapita nthawi. A mtundu wa IgG amabwera pambuyo pake, cha m'sabata yachiwiri kapena yachitatu, amakwera kwa masabata angapo, ndipo amakhalabe m'magazi kwa zaka zambiri. Njira zambiri zoyezera ziweto zimafuna IgG, ndipo mfundo imeneyi yokha ikufotokoza chifukwa chake mbuzi yamkota imene inakumana ndi kachiromboka zaka zitatu zapitazo, n'kuswa bwino kangapo kuchokera pamenepo, imapezekabe ndi maantibodi lero.

Kutenga magazi kwenikweniko n'kosavuta kwa munthu wophunzitsidwa. Wothandiza amaimika mbuzi pakati pa miyendo yake, n'kukweza chibwano chake pang'ono ndi kuchipotolera mbali imodzi. Mlangizi amakanikiza ndi chala chachikulu m'munsi mwa khosi, mu kangalande kamene kali m'mbali mwa kholingo, mpaka mtsempha waukulu utatupa n'kumamveka pansi pa chala, ndipo amalowetsa singano molunjika kumutu. Mamililita 5 ndi okwanira, ndipo mbuzi siifooka nawo, ngakhale kuti eni ziweto ena amada nkhawa akaona kabotolo kakudzaza. Kabotolo koyenera ndi ka chivindikiro chofiira, kopanda mankhwala oletsa magazi kuundana, chifukwa chofunika n'chakuti magaziwo aundane. Kakaikidwa chopendekera pamthunzi kwa maola angapo, magazi amagwirana pansi ndipo pamwamba pamayandama madzi achikasu, amene ndiwo seramu. Singano iliyonse ndi ya mbuzi imodzi basi. Chinthu chimene chimaoneka chaching'ono koma chimaononga ntchito zambiri ndi kulemba. Ngati mbuzi zilibe manambala a pakhutu, kabotolo kalikonse kayenera kulembedwa dzina la khola, msinkhu wa mbuzi malinga ndi mano ake, maonekedwe ake, ndiponso ngati yapoloza ndi tsiku limene inapoloza. Zotsatira zikafika patapita mwezi, mawu akuti "yoyera ija" sathandiza pa khola limene lili ndi mbuzi zoyera zisanu.

Kenako pamabwera ulendo. Kuchokera ku Ulónguè kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo ngati kuyezako kukufuna zipangizo za ku Maputo, kumene kuli Laboratório Central de Veterinária ya IIAM, bungwe la boma lofufuza za ulimi, ndi Faculdade de Veterinária ya Universidade Eduardo Mondlane, ulendo wochokera ku Tete ndi wa makilomita oposa 1,500. Maantibodi a IgG ndi olimba ndithu, koma magazi athunthu si olimba. Akatenthedwa m'galimoto, akagwedezeka kwambiri pa njinga yamoto, kapena akaumitsidwa mufiriji asanapatulidwe, maselo ofiira amasweka, seramu n'kusanduka yofiira, ndipo zotsatira zake zimakhala zokayikitsa. Njira yoyenera ndiyo kupatula seramu tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, kuisunga pa madigiri 4 m'bokosi lozizira ngati ikuyenda msanga, kapena kuiumitsa pa madigiri 20 pansi pa ziro ngati idikira. Kumene magetsi amazimazima, seramu imasungunuka n'kuumanso mobwerezabwereza, ndipo zimenezi nazonso zimaifooketsa.

Njira yakale kwambiri yoyezera inapangidwa ndi Albert Sabin ndi Harry Feldman mu 1948, ndipo mpaka pano imalemekezedwa pa matenda a anthu, koma imafuna tizirombo tamoyo, motero imachitika m'malabotale ochepa okha. Pa ziweto, njira imene imatchulidwa kawirikawiri ndi MAT, ndipo ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa imaonetsa poyera tanthauzo la manambala a papepala. Woyeza amatenga kambale ka pulasitiki kokhala ndi timaenje 96, n'kusungunula seramu motsatizana: m'dzenje loyamba gawo limodzi la seramu m'magawo 25, lotsatira m'magawo 50, kenako 100, 200, mpaka m'tsogolo. M'dzenje lililonse amathiramo tizirombo takufa timene tinaphedwa ndi formalin, pamodzi ndi mankhwala ofooketsa IgM kuti isasokoneze, n'kusiya kambaleko pofunda usiku wonse. M'mawa, ngati museramu munalibe maantibodi, tizirombo timakhala titatsetserekera pansi n'kupanga kadontho kamodzi pakati pa dzenje. Ngati analimo, amakhala atatilumikiza, ndipo timayalana pansi ponse pa dzenjelo. Dzenje lomaliza limene tizirombo tayalana ndilo limapereka nambala ya papepala, moti 1:800 ikutanthauza kuti maantibodi anali ochuluka mwakuti anaonekabe seramu itasungunulidwa ka 800. Ubwino wa njirayi n'ngwakuti imawerengedwa ndi maso ndipo imagwira pa seramu ya nyama iliyonse, kaya mbuzi, nkhumba, nkhuku kapena mphaka.

Njira ya ELISA ndiyo imakondedwa pamene mbuzi ndi zambiri. Nayonso imagwiritsa ntchito kambale ka timaenje 96, koma timaenjeto timakhala titamatidwa kale zidutswa za kachirombo. Maantibodi akakakamira pa zidutswazo, mankhwala ena amasintha mtundu, ndipo makina amayeza kukula kwa mtunduwo n'kupereka nambala. Imafulumira ndipo sidalira diso la munthu, koma imafuna magetsi, firiji ndi mankhwala ochokera kunja amene ali ndi tsiku lothera mphamvu. Palinso IFAT, imene imafuna maikulosikopu yapadera ndi munthu wozolowera kuiwerenga, komanso njira ya latex, yosavuta koma imene siidalirika mofanana nthawi zonse pa ziweto.

Njira zonsezi zili ndi malire amene anthu anaika, osati amene chilengedwe chinaika. Pa MAT, ofufuza ambiri amawerenga mbuzi kuti ili ndi maantibodi kuyambira pa 1:25, koma ena amasankha nambala yokwererapo, ndipo makola omwewo akhoza kupereka ziwerengero ziwiri zosiyana malinga ndi malire amene asankhidwa. Malire akakhala otsika, kuyeza kumagwira pafupifupi mbuzi zonse zimene zinakumana ndi kachiromboka, komanso kumakokera momwemo zina zosalakwa, makamaka chifukwa pali tizirombo tina tachibale monga Neospora caninum, kamene kamadzera mwa agalu, ndi Hammondia, timene maantibodi ake nthawi zina amafanana pang'ono ndi a Toxoplasma. Malire akakhala okwera, zosalakwa zimapulumuka koma zina zimene zilidi ndi kachirombo zimadutsa osagwidwa.

Kuti tione kulemera kwa mfundoyi, tiyerekeze chabe ndi manambala ongopeka. Tinene kuti njira ina imagwira mbuzi 90 pa 100 zilizonse zimene zilidi ndi kachirombo, ndipo imanamizira mbuzi 5 pa 100 zilizonse zimene zilibe. M'dera la mbuzi 1,000 mmene 400 zili ndi kachirombo, njirayo igwira 360 zoona ndi 30 zonamiziridwa, ndipo pepala lonena kuti mbuzi ili ndi maantibodi likhala lodalirika kwambiri. Koma m'dera lina la mbuzi 1,000 mmene 40 zokha ndizo zili ndi kachirombo, njira yomweyo igwira 36 zoona ndi 48 zonamiziridwa, kutanthauza kuti zoposa theka la mbuzi zogwidwa n'zosalakwa. Labotale ndi imodzi, mankhwala ndi amodzi, woyeza sanalakwitse kanthu, koma kulemera kwa pepala kwasintha chifukwa cha dera limene mbuzi ikukhala. Munthu wowerenga zotsatira za ku Mágoè ndi za ku Dómuè ndi diso limodzi akhoza kusokera pamenepa.

Tibwerere tsono kwa mbuzi imene yapoloza, chifukwa ndiyo imene mlimi akufunsa. Kuchokera pamene mbuzi yameza timazira kufika pamene ikupoloza, kawirikawiri pamapita mwezi kapena kuposerapo, ndipo pofika tsiku lopolozalo maantibodi amakhala atakwera kale. Mbuzi yotereyi ikapezeka ndi maantibodi, tingonena kuti toxoplasmosis ndi yotheka, koma sitinganene kuti ndiyo yapha kamwana, chifukwa maantibodiwo akhoza kukhala akale. Ikapezeka ilibe, ndipo n'kupezekanso ilibe poyeza kachiwiri, pamenepo tili ndi yankho lamphamvu lakuti tikafune chifukwa kwina. Ambiri amadabwa kumva kuti pepala lonena kuti "palibe" limaphunzitsa zambiri kuposa lonena kuti "alipo", koma pa matendawa ndi mmene zilili. Kuyeza kawiri, motalikirana masabata awiri kapena atatu, kumathandiza ngati nambala yakwera kanayi kapena kuposa, mwachitsanzo kuchoka pa 1:100 kufika pa 1:400, pakuti zimenezo zimasonyeza kuti matendawa ndi atsopano. Komabe nambala ikapanda kukwera sizitsutsa kanthu, chifukwa mwina inali itafika kale pachimake.

Umboni wolemera kwambiri uli m'zinthu zimene alimi amataya msanga. Mwa mbuzi, maantibodi a make sadutsa nsengwa kupita kwa mwana ali m'mimba, ndipo mwana amawalandira pokhapokha akayamwa mkaka woyamba uja wa chithuwi. Motero maantibodi akapezeka m'madzi a m'chifuwa cha kamwana kopolozedwa, kapena m'magazi a kamwana kamene sikanayamwe, ndiye kuti kanawapanga kokha polimbana ndi kachirombo kali m'mimba, ndipo umenewu ndi umboni weniweni. Kamwana kamayamba kutha kupanga maantibodi cha m'mwezi wachitatu wa bere, choncho kamene kanafa msanga kuposa pamenepo sikangaonetse kanthu. Nsengwa nayonso imayankhula. Pa nsengwa ya mbuzi pali tizigamba tozungulira tofiira, pamene inagwirana ndi chiberekero, ndipo toxoplasmosis imasiya pa tizigambato timadontho toyera ta milimita imodzi kapena iwiri, timene timaoneka bwino nsengwayo ikatsukidwa, pamene chikopa cha pakati pa tizigambato chimakhala chooneka bwinobwino. Pa matenda ena opolozetsa, monga oyambitsidwa ndi Chlamydia abortus, chikopa chapakaticho chimakhuthala n'kuoneka chodwala. Kumene kuli zipangizo za njira ina yoyezera yotchedwa PCR, ubongo wa kamwana ndi tizigamba ta nsengwa zimayezedwa kuti apeze chibadwa cha kachirombo kenikeniko. M'maganizo anga, mlangizi amene wafika pa khola n'kutenga magazi a make okha, kusiya kamwana ndi nsengwa zitadyedwa ndi agalu, wanyamula gawo lopepuka la umboni n'kusiya lolemera. Mlimi akhoza kuthandiza mwa kuika zinthuzi m'jumbo yaukhondo, atavala jumbo ina m'manja, n'kuzisunga pozizira ndi kuitana alangizi tsiku lomwelo.

Funso likakhala la mudzi wonse kapena boma lonse, kuyeza magazi kumagwira ntchito yake yeniyeni, malinga ngati mbuzi zasankhidwa bwino. Tiana ta miyezi iwiri kapena itatu tikhoza kukhala ndi maantibodi a m'chithuwi, motero n'kwanzeru kuyamba ndi mbuzi zopitirira miyezi 6. Mbuzi zikamakula, mwayi woti zinakumanapo ndi timazira umakulanso, ndipo kafukufuku wotenga mikota yokhayokha apeza chiwerengero chokwera kuposa wotenga misoti. Wotengera magazi pamalo ophera mbuzi kapena pamsika wa m'malire, monga wa ku Lizulu, ayeneranso kukumbukira kuti zimene zimagulitsidwa kawirikawiri ndi atonde ndi mbuzi zimene mwini wake watopa nazo, ndipo zina zachokera kutsidya kwa Malawi. M'midzi yathu khola limodzi limakhala ndi mbuzi zochepa, koma m'chilimwe mbuzi za mudzi wonse zimadyera pamodzi m'mapesi ndi kumadambo, choncho mudzi ndiwo uyenera kuonedwa ngati khola limodzi. Masamu ake amati ngati mbuzi 10 pa 100 zilizonse zili ndi maantibodi, kuyeza mbuzi 29 zosankhidwa mwachisawawa kumapereka mwayi wa 95 pa 100 wopeza imodzi kapena zingapo. Ndipo ngati cholinga n'kudziwa chimene chikupolozetsa, njira yabwino ndiyo kuyeza zimene zapoloza pamodzi ndi zinzake za msinkhu womwewo zimene zaswa bwino, n'kuyerekeza magulu awiriwo. Maantibodi akachuluka mofanana m'magulu onse, wolakwa ndi wina.

Wina ameneyo akhoza kukhala woopsa kuposa toxoplasmosis. Brucellosis, Q fever ndi Rift Valley fever zonse zimapolozetsa mbuzi ndipo zonse zimagwiranso anthu, makamaka kudzera m'madzi ndi magazi a pobereka. Njala ya kumapeto kwa chilimwe, ludzu ndi zomera zina zakupha nazonso zimachotsa bere popanda kachirombo kalikonse. Popeza seramu ya m'kabotolo kamodzi imakwanira kuyeza matenda angapo, n'kuononga ndalama kutumiza seramu mtunda wautali chonchi n'kufunsa funso limodzi lokha.

Nanga mbuzi yopezeka ndi maantibodi ichitidwe chiyani? Kuipha kapena kuigulitsa chifukwa cha pepala lokhalo si nzeru. Siipatsira zinzake mwa kugona khola limodzi kapena kudyera pamodzi, chifukwa siitulutsa timazira m'zitosi zake. Mwa nkhosa, imene yadwalapo kamodzi imakhala ndi chitetezo cholimba ndipo siibwereza kupoloza chifukwa cha matendawa. Mbuzi imavutika nawo kwambiri kuposa nkhosa, ndipo zaonekapo kuti ina imapatsiranso ana ake pa bere lotsatira, choncho imene yapoloza kawiri motsatizana mlimi ali ndi chifukwa choichotsera, koma chifukwacho chikuchokera m'mbiri ya mbuziyo. Mankhwala ochotsa timatumba ta mu mnofu kulibe. Katemera alipo, wotchedwa Toxovax, amene anayamba kugulitsidwa ku New Zealand mu 1988, koma analolezedwa pa nkhosa, ndi wa tizirombo tamoyo, ndipo amatha mphamvu m'masiku ochepa, motero si chinthu chimene mlimi wa ku Furancungo angadalire.

Mbali ya anthu ndi imene imachititsa kuti kuyezaku kukhale nkhani ya dziko. Akatswiri amayerekeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi anakumanapo ndi kachiromboka, ndipo ambiri sadziwa n'komwe. Amene ali pachiopsezo ndi mayi woyembekezera amene wakatenga koyamba, chifukwa kakhoza kuononga ubongo ndi maso a mwana, komanso munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri chifukwa cha HIV, amene timatumba takale timadzuka mu ubongo mwake. Mankhwala a cotrimoxazol amene amaperekedwa kuchipatala kwa anthu oterewa amawateteza ku vuto limeneli pamodzi ndi matenda ena. Nyama ya mbuzi ya kuno ili ndi mbiri, moti mu 2018 dzina lakuti Cabrito de Tete linakhala loyamba m'Mozambique kulembetsedwa ngati chizindikiro cha malo amene chinthu chimachokera, ndipo ogula a kutali akhoza kufunsa za thanzi la ziweto zathu. Komabe kuyeza magazi sikungakhale chiphaso cha nyama, chifukwa timatumba ta mu mnofu sitioneka ndi maso a woyendera nyama, ndipo mbuzi imene yangotenga kumene kachirombo ikhoza kukhala isanapange maantibodi. Chimene chimapha timatumbato ndi moto, nyama ikapsa mpaka m'kati kufika madigiri 67. Nyama ya mumphika imene yabwata nthawi yaitali ilibe vuto, koma kanyenya wootchedwa mothamanga, wopserera kunja koma wofiira pafupa, ndiye wokayikitsa, chimodzimodzinso mpeni ndi manja zimene zagwira nyama yaiwisi n'kukadulira tomato. Mkaka wa mbuzi uwiritsidwe, ndipo mayi woyembekezera asathandize mbuzi pobereka kapena kugwira kamwana kopolozedwa.

Anthu ena akamva zonsezi amafuna kuthana ndi amphaka onse a pamudzi, koma zimenezi zimabweza zinthu m'mbuyo. Mphaka wamkulu amene anatulutsa kale timazira sabwerezabwereza, ndipo akachotsedwa, makoswe amachuluka, m'malo mwake n'kubwera tiana ta amphaka ena timene tikuyamba kumene kusaka, ndipo timeneti ndito timatulutsa timazira tambiri. Chothandiza ndicho kuchepetsa kuswana kwa amphaka pakhomo, kusawaponyera zam'kati zaziwisi popha mbuzi, kukwirira mozama kapena kutentha nsengwa ndi tiana topolozedwa zimene sizikupita kukayezedwa, kumanga pakamwa matumba a madeya kapena kuwaika mu mgolo wovindikira, ndi kukweza modyera ndi momwera kuti zisakhale pansi. Pa khola limene layezedwa, chisamaliro chimenechi chiyambire pa misoti imene pepala lanena kuti ilibe maantibodi ndipo yangokweredwa kumene, chifukwa imeneyo ilibe chitetezo chilichonse, ndipo ndiyo iyenera kupatsidwa madeya a mu mgolo wovindikira ndi kumangidwa kutali ndi nkhokwe pa miyezi isanu ya bere lake.